Chomwe chidagawa pakati yunivesite ya ku Leuven

Mayi wina amene akufuna kukapitiriza maphunziro ku Belgium wandilembera imelo. Akudabwa kuti pa intaneti akupeza mayunivesite awiri a Chikatolika, KU Leuven ndi UCLouvain, ndipo onse akuti chiyambi chawo ndi 1425. Akufunsa ngati wina akunama.

Mayi, awiriwa ndi ana a mimba imodzi. Papa Martin V ndi amene adavomereza kuti mumzinda wa Leuven mukhale yunivesite mu 1425. Afalansa atalanda dzikolo adaitseka mu 1797, kenako mabishopu adatsegula ina ku Mechelen mu 1834, ndipo chaka chotsatira idasamukira ku Leuven. Ena amatsutsa zoti iyi ndi yomwe ija ya kale, koma pa mkangano umenewo onse awiri ali mbali imodzi.

Chidawalekanitsa ndi chilankhulo. Leuven ili m'dera la anthu olankhula Chidatchi, koma kwa nthawi yaitali maphunziro ankachitika m'Chifalansa. Pofika 1968 ophunzira olankhula Chidatchi adadzaza m'misewu kufuna kuti anzawo a Chifalansa achoke, ndipo nkhaniyi idagwetsa boma la Belgium. Mu 1970 lamulo lidawazindikira ngati mayunivesite awiri. A Chidatchi (KU Leuven) adatsala ku Leuven, pomwe a Chifalansa (UCLouvain) adamangiridwa mzinda watsopano pamalo pomwe padali minda, Louvain-la-Neuve, ndipo ophunzira oyamba adalowamo mu 1972.

Chimene chimandiwawa ine ndi mabuku. Laibulale ya ku Leuven idatenthedwa ndi asilikali a Germany mu 1914, idamangidwanso ndi thandizo la anthu a ku America, n'kupsanso mu 1940. Ndiye mabuku omwe adasonkhanitsidwa movutikira pambuyo pa moto wachiwiriwo, ambiri adagawidwa pongoyang'ana nambala ya pashelefu: buku ili kuno, lotsatira uko. Anthu ophunzira kwambiri, koma apa adachita zaukali basi.

Za malo, musayembekezere mpanda ndi geti. Ku Leuven nyumba za yunivesite zamwazikana mumzinda wonse wakale. A uinjiniya ali cha ku Heverlee, pafupi ndi nyumba yachifumu ya Arenberg, ndipo ena amagona ku Groot Begijnhof, komwe kale kunkakhala amayi odzipereka pa mapemphero. Louvain-la-Neuve ndi ya njerwa ndi konkire, ndipo pakati pake anthu amayenda wapansi, magalimoto amadutsa kunsi kwake.

Musanalembe kalata yopempha malo, muone kaye kuti kosi yanu imaphunzitsidwa m'chilankhulo chanji. Makosi ambiri a masters ku KU Leuven ali m'Chingerezi, koma digiri yoyamba kawirikawiri imafuna Chidatchi, ndipo ku UCLouvain imafuna Chifalansa.