Yankho la azakhali pa nkhani yosaina ija

Eee, mwana wanga, funso lako ndalimva, kungoti foni ndinaisiya pa chaji. Ukuti adokotala auza mkazi wako kuti ulendo uno achira ndi opaleshoni, poti ali ndi zipsera ziwiri kale, ndiye ukufunsa ngati angamulowetse ku fiyeta iwe uli ku Joni osasaina.

Angathe. Wosaina ndi mwini mimba. Ndi munthu wamkulu, mutu wake ukugwira. Akamufotokozera bwinobwino m'Chichewa, iye n'kuvomera, zatha. Gadiyani amalowererapo mayi akakomoka, kapena akakhala mwana wosakwana zaka 18. Iwe n'koyenera kuti mukambirane monga banja, eya, koma chiberekero chimene chingang'ambike si chako.

Ndikuuze. Ndili pa ntchito ya unamwino kunabwera mayi wina usiku, mwana atapingasa. Iye akulira kuti ndithandizeni, koma amayi ake agwira chitseko, ati tidikire mwini mbumba, akubwera pa njinga. Ine khutu lili pamimba, ndikumva kamtima ka mwana kakubwerera m'mbuyo. Mayiyo anadinda yekha ndi chala, tinamuthamangitsira ku fiyeta. Amalumewo anafika dzuwa litatuluka, anapeza mwana akuyamwa. Anandikalipira ndithu, ine ndinangoti zikomo.

Tsono pali china chimene sunafunse. Opaleshoni yachitatu imeneyi, akhoza kumufunsa za kutseka, kuti asadzaberekenso. Imeneyo ndi nkhani ina, chilolezo chakenso n'china. Asamufunse ali pabedi matenda atamugwira, munthu wa ululu amavomera chilichonse. Muyimbirane sabata ino, anene maganizo ake mutu uli pozizira. Akafuna, atseke. Akakana, palibe womutseka mwakabisira, kaya ndi dokotala, kaya ndi iwe.

Ndipo achemwali, ndikudziwa mukumvera muli phee, za mwanamphepo zija, mankhwala achikuda ofulumizitsa kuchira, ayi. Pa chipsera mankhwala amenewo amaphulitsa chiberekero. Zomamufunsanso mwana wa eni kuti aulule amuna amene anayenda nawo ati n'chifukwa njira ikukanika, musayerekeze, ndidzamva.

Iweyo tumiza ndalama ya thiransipoti ndi zitenje, apite kuchidikiro masiku asanakwane, asadikire matenda ayambire pakhomo. Beseni ndili nalo kuno, ndimupatsira Loweruka.