Mbande za chamba musanawokere m'dimba, onani kaye laisensi ndi ya ndani

Achimwene aku Thondwe, uthenga wanu ndauwerenga. Mwati bambo wina wa kopaletivi wakusiyirani mbande za chamba zili m'machubu, akuti ndi chija cha mafakitale, ndipo wakuuzani kuti musade nkhawa chifukwa gulu lawo lili ndi laisensi. Mbandezo zakula, mukufuna kuziwokera m'dimba mwanu sabata ino, ndiye mukufunsa ngati lamulo likulola komanso kuti apolisi atabwera mungapange bwanji.

Musawokere kaye. Ndikunena izi motsindika chifukwa amene angapezeke mu khoti pa nkhani zoterezi si mavenda a chamba okha ayi, ngakhalenso alimi wamba amene anangomva pa wailesi kuti boma lavomereza chamba basi n'kuyamba kukonza mizere.

Zoona zake ndi izi. Mu Febuluwale 2020 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, ndipo lamuloli ndi limene linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, anthu amangoti CRA, ofesi yake ili ku Lilongwe. Chimene linalola ndi kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa munthu kapena gulu lomwe lapatsidwa laisensi ndi a CRA. Mitengo imene analengeza mu Novembala 2020 inali madola 10,000 aku America pa laisensi yolima cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha mafakitale, n'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono ambiri amalowera ku makopaletivi, payekha munthu sangakwanitse. Mu Malichi 2024 aphungu anavomerezanso zoti chamba chathu chakonkuno chizilimidwa, koma nazonso n'za munthu wa chiphaso, ndipo kusuta sikunaloledwe mpaka pano. Lamulo lakale lija loletsa mankhwala ozunguza bongo la Dangerous Drugs Act silinafe, lilipo ndipo likugwira ntchito tsiku ndi tsiku, apolisi akamalemba chaji ya kupezeka ndi chamba amatchula Regulation 4(a) pamodzi ndi gawo 19 la lamulo limeneli. Pamwamba pake lamulo la 2020 lomwelo lili ndi chilango chake kwa wolima popanda chilolezo, chimatha kufika zaka 25 kundende.

Tsono apa ndi pamene nkhani yanu yagona. Laisensi si bulangete loti aliyense wa m'mudzi afunde, imakhala ndi dzina la mwini wake komanso malo amene analembetsa kuti adzalimapo. Kopaletivi ikhoza kukhaladi ndi laisensi yeniyeni koma malo ovomerezeka ali kwina, mwina munda umodzi wa gulu lonse womwe a CRA anauona, uli ndi mpanda ndi mlonda. Dimba lanu la m'mbali mwa mtsinje ngati silili pa mapepalawo ndiye kuti pamaso pa lamulo inu mukungolima chamba, wapolisi sadzafunsa kuti bambo uja anakulonjezani chiyani, adzafunsa pepala. Ndipo ndisakubisireni, ngakhale panopa mbandezo zili m'machubu kuseri kwa nyumba, ngati mapepala palibe muli kale pa ngozi ya mlandu wopezeka ndi chamba. Mukaziika m'nthaka n'kumathirira m'mawa uliwonse mwawonjezera wina wolima, ndipo umenewo ndi wovuta kuukana chifukwa mizere, ndowa yothirira ndi aneba amene amakuonani zonse zimasanduka umboni.

Ndiye muwaitane bambo aja ndipo musakhutire ndi chithunzi cha pa WhatsApp chosaoneka bwino. Akuonetseni laisensi yeniyeni muijambule nokha, muone dzina, mtundu wake ngati ndi yolima kapena ndi yongogulitsa kapena yonyamula chifukwa zimenezi zimasiyana, muone deti yothera komanso malo olembedwapo. Akuonetseni satifiketi yoti kopaletiviyo inalembetsedwa ku boma ndi buku la mamembala momwe muli dzina lanu. Afotokoze mbewu inachokera kuti, ndi mtundu wanji, ndipo lisiti yake ili kuti. Mukatero inuyo mufunse ku CRA mwachindunji ngati laisensiyo ili m'kaundula mwawo ndiponso ngati malo anu akuwadziwa, yankho lawo likhale lolemba, kaya kalata kaya imelo, musunge. Munthu wachilungamo sakwiya mukamufunsa mapepala. Akayamba zoti mukuchedwetsa zinthu, mvula ikupita, anzanu awokera kale, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Za mbewu ndikhalepo pang'ono chifukwa alimi ambiri samaziganizira. Chamba cha mafakitale ndi chamba wamba zikakhala mbande simungazisiyanitse ndi maso, masamba ndi amodzimodzi, fungo ndi lomwelo. Chimasiyanitsa ndi kuchuluka kwa THC, mankhwala aja oledzeretsa, ndipo kuno malire a cha mafakitale ndi 1 peresenti. Ndiye ngati munthu wakupatsani mbewu yomwe anangotola kwa mnzake n'kuitchula kuti ya mafakitale, zikadzayezedwa n'kupezeka zadutsa malire, munda ndi wanu, manja amene anawokera ndi anu. Ndi chifukwa chake ngakhale zonse zitayenda bwino mwapatsidwa chilolezo, tsiku lowokeralo muyambe kope. Lembani deti, mbande zingati mwalandira, kwa ndani, zingati mwawokera mzere uti, zingati zafota sabata yoyamba ndipo mwazitaya bwanji. Ikani kachikwangwani ka mtundu wa mbewu pa mzere uliwonse, jambulani zithunzi pa foni, mpanda ukhalepo mbande zisanalowe m'munda osati pambuyo. Mbande zotsala musapatse mlamu wanu kuti akayesere kwake, kumeneko ndi kugawa chamba kwa munthu wopanda chiphaso. Woyendera wa CRA akabwera n'kupeza mitengo ya chamba yochuluka kapena yochepa kusiyana ndi zolembedwa adzafuna kudziwa zina zachokera kuti kapena zapita kuti, kope lija ndi limene lidzakuyankhireni.

Kontirakiti ya ogula nayo muione musanawononge feteleza ndi mphamvu zanu. Alipo alimi m'dziko muno amene anasonkha ndalama zambiri m'makopaletivi, kulima ndithu, pokolola wogula osaoneka, ndipo chamba si chimanga choti mukachigulitsa pa msika wa Thondwe Loweruka. Pepalalo linene mtengo, nthawi yolipira, ndi amene aluze mbewu ikakanidwa.

Nanga mapepala akapezeka kuti palibe kapena sakukhudza malo anu? Musazinyamule nokha pa kabaza kapena pa minibasi kuti mukabweze, pa rodibuloko mukagwidwa nazo nkhani ikhala ina. Ngati gululo lili ndi laisensi yeniyeni auzeni polemba meseji kuti adzatenge katundu wawo tsiku lomwelo ndi mapepala awo, mesejiyo musafufute. Ngati munthuyo wayamba kuzimitsa foni, pitani msanga mukaonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi mu Zomba momwemo ndipo amathandiza amene sangathe kulipira loya, akuuzeni njira yoziperekera popanda kudziika m'mavuto ena. Kungozisunga n'kumadikira ndiye choyipa kwambiri.

Ganiziraninso a m'nyumba mwanu. Gawo 4 la Penal Code, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake, limati chinthu chikakhala ndi munthu mmodzi ena akudziwa ndi kuvomereza, onsewo amatengedwa kuti ali nacho. Ndiye mayi a kunyumba amene akuthirira mbandezo madzulo, kapena mnyamata waganyu amene mwamutuma kukumba mayenje, naye atha kukwera galimoto ya polisi limodzi nanu. Zoti sindimadziwa kuti lamulo limaletsa sizipulumutsa munthu, gawo 7 limanena zimenezo poyera. Koma umboni woti munanamizidwa, mameseji, malisiti a ndalama zomwe munapereka ku gulu, umathandiza kwambiri loya wanu makamaka pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe.

Apolisi akafika musathawe, musalimbane nawo ndipo musayambe kuzula mbande iwo akuona. Funsani mwaulemu mayina awo ndi polisi imene achokera, funsani ngati ali ndi waranti ya chipikisheni, ngakhale pali nthawi zina lamulo limawalola kusecha popanda waranti ndiye musatseke chitseko pa chifukwa chimenecho. Pakhale mboni, a mfumu kapena neba wamkulu, ndipo mbande aziwerenge inu mukuona, nambala yake ilembedwe. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene akukumangirani m'chilankhulo chimene mukumva, ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ndi woti akufikitseni ku khoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa wikendi kapena pa holide ndiye tsiku loyamba limene khoti latsegula, kutanthauza kuti womangidwa Lachisanu masana amayenera kuonekera Lolemba. Sitetimenti musasayine musanaiwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa, ndipo ngati alemba zomwe simunanene kanani kusayina. Belo ya ku polisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti nkhani ithere pompo mukhala mwawonjezera mlandu wa ziphuphu pamwamba pa wa chamba. Akakana belo ku polisi mukapemphe kwa majisitireti, mukhale ndi abale awiri okhazikika oti akuimireni, abwere ndi ziphaso zawo za unzika.

Ku khoti boma ndi limene liyenera kutsimikiza kuti zomwe anakupezani nazo ndi chamba, kuno kum'mwera nthawi zambiri amatumiza ku Bvumbwe Research Station kuti akayeze ndipo lipoti lake limabwera ngati umboni, muli ndi ufulu woliona. Chimene chimandipweteka mtima ndi anthu ovomera mlandu tsiku loyamba chifukwa wina m'chitokosi wawauza kuti ukavomera amangokulipiritsa chindapusa. Nthawi zina zimaterodi, nthawi zina munthu amapezeka ali ku ndende ya Mikuyu kapena ku ndende yaikulu ya Zomba, zimatengera kuchuluka kwa chambacho ndi mmene nkhani yayendera. Musavomere musanalankhule ndi loya kapena paralegal, munthu wophunzitsidwa kuthandiza anthu pa zamalamulo ngakhale si loya. Ngati ndi koyamba kupalamula nenani, gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ku khoti, limafuna khoti liganizire kaye zilango zina lisanatumize wopalamula koyamba kundende. Chigamulo chikapanda kukukomerani apilo imapita ku High Court, yomwe ilinso mu Zomba momwemo, koma chidziwitso choti mukufuna kuchita apilo chimaperekedwa polemba pasanathe masiku 10, ndiye musagone nazo.

Mukapeza laisensi ija ndi kontirakiti munditumizire zithunzi zooneka bwino, masamba onse kutsogolo ndi kumbuyo, komanso mundiuze ngati dimbalo ndi lanu kapena ndi la kuchikazi kapena mukuchita lendi, chifukwa mwini malo naye ayenera kuvomera polemba musanaikemo mbande ngakhale imodzi.