Poto wosungunulira mtovu wasiya kutentha, masipeya ake ndiwapeza kuti?

Funso: Ndimakhala ku Indiana, ku America. Apongozi anga ankakonda kukawombera chandamale, ndipo anandisiyira zipangizo zawo zoumbira zipolopolo: poto wamagetsi wosungunulira mtovu, zikombole zinayi ndi makina a Lyman 450 opakira mafuta. Potoyo ndi wakale moti dzina la kampani linafufutika. Poyamba ankadontha kunsi, pano sakutentha n'komwe. Ndinagula elementi (chitsulo chotenthetsera poto) yotchipa pa intaneti koma siinakwane. Kodi masipeya a zinthu zakale chonchi amapezeka kuti?

Yankho: Achimwene, ndalama ya elementiyo mwaitaya. Anakuuzani ndani kuti elementi ndi imene yafa? Mapoto ngati amenewa ndawatsegula ambirimbiri, ndipo kawirikawiri elementi imakhala ili bwinobwino. Chimene chimapsa ndi pamene waya walumikizana ndi elementi. Pamalo pamenepo pamatentha zaka ndi zaka, kachitsulo kolumikizira kamachita dzimbiri, kamamasuka, kenako kamanyeka. Chachiwiri ndi thermostat, kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi kuti poto asatenthe mopyola. Elementi imabwera pomaliza.

Musanagulenso kanthu, tengani multimeter, mita yoyezera magetsi. Zulani pulagi, tsegulani chivundikiro, masulani mawaya onse awiri ku elementi kuti ikhale payokha, ndipo mita muiike pa ma ohm, muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa. Anthu ambiri amayeza mawaya ali olumikiza, n'kumawerenga thermostat ndi nthambo yomwe, kenako amati elementi yafa. Nambala yoyenera kuiona mukhoza kuiwerengera nokha. Magetsi a kwanuko ndi mavolti 120. Chulukitsani 120 ndi 120, mupeza 14,400, ndiye mugawe ndi mawati a potoyo. Poto wa mawati 700, monga Lee Pro 4-20 amene amalowa mtovu wokwana makilogalamu 9, apereka ma ohm 20 kapena 21. Wa mawati 500 apereka pafupifupi 29. Popeza wanuyo alibe chizindikiro, masamuwa muwatembenuze: mita ikawerenga 24, gawani 14,400 ndi 24, ndipo mwadziwa kuti elementi yanu ndi ya mawati 600. Nambala imeneyo ndi imene mudzafunse nayo sipeya, osati dzina la kampani. Mita ikapanda kusuntha, pamenepo elementi yadukadi mkati. Ikawerenga cha m'ma 70, poto wanu anapangidwira magetsi a 220, ndipo pa 120 angofunda osasungunula kanthu.

Musachotse mita msanga. Nsonga imodzi ikhale pa mwendo wa elementi, inayo pa chitsulo cha poto, pamalo pamene mwapala dzimbiri. Apa mita isawerenge chilichonse. Ikawerenga, ndiye kuti magetsi akudutsira m'thupi la poto, ndipo elementi imeneyo itayidwe ngakhale ikutentha. Munthu wagwira chikombole dzanja lina, lina pa poto wodzaza mtovu wotentha pafupifupi madigiri 400 a Celsius, magetsi n'kumugwedeza, ngozi yake si yamasewera. Mukatha apo, yezani thermostat mutaipotokola mpaka kumapeto: iyenera kuwerenga pafupi ndi ziro.

Mukapeza kuti ndi waya, pitani kwa ogulitsa masipeya a masitovu mukagule waya wopirira moto ndi tolumikizira take. Chimene chimandipsetsa mtima ndi kupeza poto atamuika waya wamba wokutidwa ndi pulasitiki, tolumikizira ta galimoto ndi tepi yakuda. Zimenezo sizitha sabata. Ngati yafa ndi thermostat ndipo yofanana nayo sikupezeka, musavutike kuisaka. Ilambalaleni, poto mumulumikize ku PID controller (kabokosi kowongolera kutentha) yokhala ndi thermocouple (kachitsulo koyezera kutentha) ya mtundu wa K ndi solid state relay (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi). Kutentha kumakhazikika bwino kuposa mmene kunalili potoyo ali watsopano. Koma mukailambalala thermostat musadzamulumikizenso poto molunjika ku soketi.

Za kudonthako, sipeya siikufunika. Ndi zinyalala zimene zakhala pa kabowo kotulukira mtovu kunsi kwa poto, pamene kandodo kotsekera kamakhala. Khuthulani mtovu wonse, tsukani kabowoko, nsonga ya kandodoko muipere ndi phala lija amaperera mavavu a injini. Musakuze bowo ndi dirilo. Ndipo muzisankha zimene mukuponya m'poto. Titsulo tolinganizira matayala a galimoto masiku ano tambiri ndi ta zinki kapena chitsulo. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, zinki pa 420, choncho mukatenthetsa mopyola zinki imalowa mu mtovu, umakhala ngati phala losapsa n'kutseka bowo.

Mukadziwa amene anapanga potoyo, mwadziwanso kopeza masipeya. Lee Precision ya ku Hartford, Wisconsin, imagulitsa yokha elementi, thermostat ndi tindodo ta mapoto ake. Ngati wanuyo ndi SAECO, dzinalo pano lili m'manja mwa Redding ya ku Cortland, New York, koma mapoto akale aja sapangidwanso, ndiye njira yake ndi kugula wina wakufa wofanana naye n'kuphwasula. Lyman 450 isakudetseni nkhawa: ma die ake (tizitsulo ta bowo m'mene chipolopolo chimalowa) ndi omwewo a Lyman 4500, ndipo a RCBS Lube-A-Matic amalowanso. Lyman 450 ikamatayira mafuta m'mbali, sinthani ma O-ring (timphira tozungulira totsekera mafuta), muchite kuyeza akalewo. Zomangira zake n'za mainchi, musakakamizemo za mamilimita.

Poyesa poto mukamaliza, mukhale panja kapena poti mphepo ikudutsa, mutavala magalasi, ndipo mtovu wonyowa usalowemo chifukwa madzi akalowa pansi pa mtovu wosungunuka umaphulika. Munditumizire manambala awiri aja a elementi ndi chithunzi cha mkati mwa chivundikiro, ndikuuzani choti mugule.