Za mfuti ya nguluwe zija, achimwene

Achimwene mwati nguluwe zikukutherani chinangwa cha ku Domasi uko ndiye mukufunsa kuti pakati pa .22, .303 ndi shotigani ya 12 bore yolasa bwino ndi iti. Ine si mlenje kwenikweni, ntchito yanga inali yonyamula tochi ndi thumba kumbuyo kwa malume, koma zaka zimenezo ndinaonako zinthu.

.22 ichotseni kaye. Kamfuti kokoma, sikakankha phewa, pa mamita 50 malume ankatsitsa nako nkhanga osaphonya, koma chipolopolo chake ndi 40 grain basi, sichifika ngakhale magalamu atatu. Nguluwe yaikulu imaposa thumba la chimanga la 50kg, khungu lake gwa, mungoivulaza ikafere kutchire patatha masiku kapena ikutembenukireni, ndipo nguluwe yovulala si yocheza nayo.

Pa .303 ndi pomwe madala ambiri amakangana. Kuno ku Zomba mfutiyi imalemekezedwa chifukwa ndi Lee-Enfield ija ankanyamula asilikali a KAR (King's African Rifles, a nthawi ya atsamunda), omwe chipilala chawo chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ndiye munthu akangomva dzinalo basi waikhulupirira kale. Mphamvu ilipodi, chipolopolo cha 174 grain, magazini yolowa 10. Koma tikunena mfuti zoti zambiri zinapangidwa nthawi ya nkhondo, 1945 isanakwane, ndipo zipolopolo zakale zija zinkasiya mchere mu mpope, ukapanda kutsuka ndi madzi otentha tsiku lomwelo dzimbiri lalowa, nanji ndi chinyezi chathu cha m'tsinde mwa phiri chino. Ya malume kunja inkaoneka bhobho, mtengo wake wopakidwa mafuta waliwali. Ataphonya nguluwe kawiri motsatana anayamba kunena kuti pali amene wawatchera mankhwala kkkk. Mnzawo wina wopuma usilikali anangoti tiyeni tikhome katoni pa chulu. Anawerenga mapazi 100, zipolopolo zisanu, pakatoni panapezeka mabowo atatu otalikirana ngati mapando a chimanga, limodzi lotalika chifukwa chipolopolo chinafika chopingasa. Titasuzumira mu mpope padzuwa, mizere ija imazunguza chipolopolo inali itatha, mwangotsala mbee ngati paipi ya madzi. Nkhani ya mankhwala inathera pomwepo, ngakhale malume sanavomere pakamwa.

Chinanso, zipolopolo zachisilikali zolimba nsonga zimangoboola nyama nkupitirira ulendo, ndipo minda yathu ino kuseri kwake kuli nyumba za anthu, ana, mbuzi. Chipolopolo cha .303 chimatha kuuluka kupitirira makilomita awiri. Ine chimenechi ndi chomwe chimandiopsa kuposa kuphonya.

Nchifukwa chake malume anathera pa 12 bore. Nguluwe imabwera usiku, mumaiona pafupi, mamita 20 kapena 30 m'kati mwa chinangwa, apo SG, chipolopolo cha machaka akuluakulu, imagwira ntchito ndipo machaka ake sapita kutali ngati .303. Mukadutsa mamita 40 musavutike kuomba. Alenje a mbalame a ku Chilwa nawonso ndi shotigani yomweyo, amangosintha nkuikamo machaka ang'onoang'ono. Za mfuti ya .375 H&H ija ya 1912 musazimvere, imeneyo ndi ya mvuu ndi njovu, si ya kumunda kwa chinangwa, ndipo zipolopolo zake zikumalizani ndalama.

Koma musanagule chilichonse, laisensi ya mfuti imachokera ku polisi, ndipo laisensi imeneyo si chilolezo chophera nyama ayi, chimenecho ndi cha a Parks and Wildlife. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zinakwera, milandu ikuluikulu imafika zaka 30. Kanenenitu ku ofesi yawo kuti nguluwe zakuvutani. Ndipo wina akakubweretserani .303 yotchipa, chotsani bolt, kachitsulo kotseka kumbuyo kwa mpope, muyang'ane mu mpope padzuwa, kenako mumuuze akhome katoni muone nokha.