Musanafunse mtengo wa galimotoyo, white book ili m'dzina la ndani?

Funso: Kwathu ndi ku Katete koma ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka. Mu 2022 abwana anga achizungu pobwerera kwawo anandigulitsa Toyota Hiace ya 2007 yogonamo, mkati muli bedi, kakhitchini, firiji ndi thanki ya madzi. Ankapita nayo ku Mfuwe kukaona nyama. Ndinalipira K310,000 poganiza kuti ndizibwereketsa kwa alendo, koma bizinesiyo sinayende. Ndawonongerapo K70,000 pa sola, matayala ndi injini, ndipo K40,000 mwa ndalamazi ndi kaloba, ngongole ya katapila, yomwe ndikulipira K12,000 pamwezi ya chiwongoladzanja chokha. Ndinaitsatsa pa K420,000, patha miyezi 5, anthu amangobwera kudzajambulitsa. Amalume akuti ndikweze ifike K450,000. Mvula ikagwa denga limadontha pang'ono pakona. White book, chikalata cha umwini wa galimoto, ikadali m'dzina la abwanawo, koma si vuto chifukwa tinkagwirizana bwino. Mtengo woyenera ndi uti?

Yankho: M'bale wanga, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinayambira kumapeto. Nkhani yaikulu mwaiika kumchira ngati kanthu kongodutsa. Mukundifunsa mtengo wa galimoto yanu, pomwe ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa galimoto, m'makompyuta mwawo, inuyo mulibe galimoto. Muli ndi makiyi basi. Makalata otere amandipeza mwezi ndi mwezi, lero Hiace, mawa Corolla, mkuja thirakitala ya malemu bambo, ndipo onse amathera pa mawu omwewa akuti "tinkagwirizana bwino". Chabwino, munkagwirizana. Nanga fomu yosinthira umwini asaine ndani, munthu ali kutsidya kwa nyanja?

Wogula wanzeru, asanatsegule n'komwe boneti, amapempha white book. Amayerekeza nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwamo ndi zomwe zili pachitsulo, kenako amayang'ana dzina n'kukupemphani NRC, chitupa chanu cha unzika. Maina akasiyana amafuna kalata yogulitsirana yosainidwa ndi mwini wakeyo, pamodzi ndi kope la pasipoti yake. Zimenezi simunazitchule, ndiye ndikuti mulibe, kapena zili penapake pamwamba pa wadirobu pamodzi ndi makadi akusikelo a ana. Popanda mapepalawa mwatsala ndi ogula awiri okha: wophwasula galimoto kuti agulitse zitsulo, ndi mkulu wochenjera amene wanunkhiza kuti mwapanikizika ndipo akupatsani theka la mtengo uku akumwetulira.

Palinso china choti mukafunse. Azungu ena ogwira ntchito m'maofesi a akazembe ndi m'mabungwe amalowetsa galimoto mosalipira msonkho wa kasitomu, ndipo galimoto yotere ikapita m'manja mwa munthu wamba, a ZRA, bungwe lotolera misonkho, amafuna zawo. Ngati yanuyi inalowa mwa njira imeneyo, pali ngongole yomwe mwakhala mukuyenda nayo osadziwa. Choncho sabata ino, osati mwezi wamawa, asakeni abwana anuwo pa WhatsApp akadakukumbukirani. Atumize kalata yosainidwa ndi kope la pasipoti, akuuzeninso mmene galimotoyo inalowera. Mukatero pitani nokha ku RTSA mukafunse zonse zofunika, musatume kamnyamata koima pageti.

Tsopano tibwere ku mtengo, poti ndiwo mwandilembera. Ndaona mmene mwapezera K420,000. Mwatenga 310, mwaonjeza 70, mwaonjezanso 40 ya kaloba. Komatu 40 imeneyo ili kale mkati mwa 70 ija, mwaiwerenga kawiri! Ngakhale mukanawerenga bwino, masamuwo ndi a mavuto anu, si a galimoto. Wogula sanakutumeni kwa wakaloba, ndipo injini imene munakonza sakuiona ngati mphatso, amangoti galimoto iyenera kulira.

Yambirani pa Hiace yopanda kanthu. Tengani Loweruka limodzi muyende m'malo ogulitsira galimoto a mu Great East Road ndi Kafue Road, muone ma Hiace atatu kapena anayi a zaka za 2006 mpaka 2008, a injini ngati yanu ndi makilomita oyandikana. Mtengo wolembedwa pagalasi ndi wa pakamwa, anthu salipira umenewo. Funso lothandiza ndi ili, kwa wogulitsayo: "Nditakubweretserani yanga lero, mapepala ali bwino, mungandipatse zingati?" Akakuuzani mupsa mtima, koma lembani, chifukwa pamenepo ndiye pansi penipeni. Mtengo wanu uli pakati pa nambala imeneyo ndi ya pagalasi ija. Tiyerekeze kuti pagalasi mwapeza K260,000 ndipo wogulitsa wakutchulirani K200,000. Ndiye kuti galimoto yokha, popanda bedi, ili cha m'ma K230,000.

Nanga nyumba ili mkatimo? Apa ndi pamene eni galimoto zogonamo amadzinamiza. Kwa inu bedi ndi firiji ndi chuma. Kwa bambo wa minibasi wa ku Matero ndi zinthu zoti azule, agule mipando, akalembetsenso galimoto kuti izinyamula anthu, ndiye iyeyo amachotsera m'malo moonjezera. Amene angalipirire nyumbayo ndi ochepa mu Lusaka muno: a makampani oyendetsa alendo, azungu obwera kumene, mlimi wamkulu wokonda kukaweza nsomba ku Kafue. Kwa oterewa ine ndimaika gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe zipangizozo zingadye zitakhala zatsopano, ndipo pokhapokha zikugwira ntchito pamaso pawo: firiji izizire, pampu itulutse madzi, batire ya sola isunge moto mpaka m'mawa, chitofu cha gasi chiyake popanda fungo. Tinene K30,000. Tafika pa K260,000.

Kenako kudontha kuja, komwe mwakutcha "pang'ono". Pa galimoto yogonamo palibe kudontha kwapang'ono. Madzi amene mwawaona pakona ayenda kale ulendo wautali kuseri kwa matabwa, ndipo anayamba mvula ya chaka chatha kapena ya zaka ziwiri zapitazo. Lowani m'mawa mawindo asanatsegulidwe, mununkhize. Kanikizani chala chachikulu pakonapo ndi pansi pa windo lililonse. Tukulani matiresi muone ngati thabwa lili ndi timadontho takuda, mupondeponde pafupi ndi chitseko mumve ngati pansi pakubonyoka. Wodziwa galimoto zotere amayamba ndi mphuno, injini imabwera pambuyo, ndipo akamva chinyontho amadula ndalama zoposa zomwe mukanalipira kalipentala ndi wowotcherera. Konzani musanaonetsenso munthu. Mukapanda kukonza chotsani K20,000 kapena kuposa, muchotsenso msonkho wa pamsewu ndi fitinesi ngati zinatha galimoto ili chiimire. Masamu anga a pachikhatho akundifikitsa cha m'ma K240,000, mapepala ali m'dzina lanu. Manambala enieni mukawatenga nokha Lowerukalo, koma sadzayandikira 420.

Tsopano nkhani ya malisiti, matenda anga akale. K70,000 mwaitchula ndi pakamwa. Ili pati? Makaniko amene anakonza injini analemba chiyani? Anasintha lamba wa taimingi, pa makilomita angati? Oilo munathira liti komaliza? Matayala okha ndiwo amadzichitira umboni, poti m'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe anapangidwa, ndipo wogula wozindikira amagwada n'kuwerenga. Zina zonse, popanda pepala, ndi nthano. Mayi wina amene ndinamuthandiza kugulitsa minibasi anatulutsa kope la ana asukulu, chikuto chitada ndi girisi, momwe analemba tsiku, makilomita ndi ndalama ya chilichonse kuyambira fyuluta mpaka babu. Wogula anawerenga masamba atatu, n'kusiya kunenerera. Ife timasunga chithunzi cha galimoto tsiku loigula, titaima pambali titavala suti, koma lisiti la K18,000 timakulungira mtedza. Pitani kwa makaniko wanuyo akulembereni zomwe anachita akadakumbukira, ndipo wa sola achite chimodzimodzi.

Za kaloba sindikukalipirani kwambiri, mukudzimva kale. Koma werengani: K12,000 kuchulukitsa ndi miyezi 5 ndi K60,000. Mwapereka kale zoposa zomwe munabwereka ndipo ngongole ikadali yathunthu. Mwezi uliwonse umene galimoto yaima pabwalo podikira wogula wa maloto, K12,000 yapita, batire ikufa, matayala akuuma ndi dzuwa. Kutsitsa mtengo ndi K20,000 kuti igulidwe miyezi iwiri msanga si kuluza, mwapulumutsapo K4,000. Ngati pali njira yobwezera K40,000 imeneyo galimoto isanagulidwe, kaya ndi chilimba chosonkherana ndalama ndi anzanu, kaya kugulitsa sola ndi firiji pazokha, chitani, kuti mukamakambirana ndi wogula musamamve mpweya wa wakaloba pakhosi.

Nthawi nayonso imaonjezera kapena kuchotsa. Ofuna galimoto yogonamo amaisaka mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, pokonzekera maulendo a ku South Luangwa, Kafue ndi Lower Zambezi m'chilimwe. Mu Januwale, misewu ya kutchire ili matope okhaokha, mudzangolandira ojambulitsa aja. Poitsatsanso lembani m'Chingerezi, ikani zithunzi za mkati moyera, tchulani makilomita, ndipo yambirani pamwamba pang'ono pa mtengo womwe mukufuna, mwina ndi K15,000, osati ndi K150,000.

Amalume ndawasungira kumapeto mwaulemu. Sindikuwadziwa, koma ndikudziwa kuti wachibale akamakweza mtengo wa katundu yemwe si wake, nthawi zambiri wagawa kale ndalamazo m'mutu: fizi ya uyu, malata a uje, feteleza wa ku Katete. Musakangane nawo, ndi akuluakulu. Akhazikeni pampando, apatseni tiyi, muwaonetse pepala la masamu a kaloba. Akaumirirabe pa K450,000, ikani makiyi patebulo muwauze kuti pamtengo umenewo galimoto ndi yawo lero lomwe, ndipo poti ndi amalume muwachotserako K50,000.