Zapha tizilombo m'mbale, kodi ndapeza mankhwala?

Funso: Ndikuchita digiri yachiwiri. Ndinasungunula zotuluka m'khungwa la mtengo wina ndi kuziyesa pa tizilombo ta malungo mu labotale, ndipo pafupifupi tonse tinafa. Ondiyang'anira akuti ndisathamangire kulemba. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Amvereni, akudziwa chimene akunena. Tizilombo ta malungo ta Plasmodium falciparum timafa ndi zinthu zambiri zimene si mankhwala. Choyamba kuchikayikira ndi DMSO, madzi osungunulira mankhwala mu labotale, ngati ndi amene munasungunulira. Akapitirira 0.5% m'kaenje ka mbale yoyesera, iyeyo payekha amayamba kufooketsa tizilombo, choncho payenera kukhala timaenje tokhala ndi DMSO yekha pa mulingo womwewo kuti mufananize.

Chachiwiri ndi maselo ofiira a magazi. Makungwa ambiri ali ndi saponin amene amaphulitsa maselowa, ndipo kachilombo kakagumulidwira nyumba kamafa basi. Mankhwala otere angaphenso wodwala. Ikani zosungunulazo pa magazi opanda tizilombo, muone ngati madzi a pamwamba afiira. Palinso vuto la mtundu: ngati mumawerenga ndi SYBR Green, utoto umene umawala ukagwira DNA ya tizilombo, zosungunula zakuda kapena zobiriwira kwambiri zimaphimba kuwala kwake, makina n'kuonetsa ngati tizilombo tatha pomwe tili moyo. Pakani magazi pa galasi, thirani utoto wa Giemsa, muwerenge ndi maso pa maikulosikopu.

Zikapambana apo, musayeze mulingo umodzi wokha. Sungunulani motsitsa ndi theka kasanu ndi katatu kapena kakhumi, mupeze IC50, mulingo umene umachepetsa kukula kwa tizilombo ndi theka. Yesani pa mitundu iwiri ya tizilomboti: 3D7 amene amamva chloroquine ndi Dd2 amene samva. Kenaka pezani mulingo umene umapha theka la maselo a munthu monga a chiwindi otchedwa HepG2, muugawe ndi IC50 yanu. Yankho likachepera 10, chimene mwagwira ndi poizoni wamba. Zonsezi zibwerezedwe katatu pa masiku osiyana. Timaenje titatu ta mbale imodzi si kubwereza katatu, ngakhale ophunzira ambiri amalemba choncho.

Ndipo musataye mtengo chifukwa njira imodzi yakana. Gulu la Tu Youyou, wasayansi wa ku China, linalephera ndi chomera cha Artemisia annua mpaka litasiya kuwiritsa n'kuyamba kusungunula ndi ether pa kutentha kochepa, ndipo mankhwala a malungo a artemisinin anapezeka mu 1972.

Funso: IC50 ya chloroquine imandisinthira sabata ndi sabata, pomwe sindisintha chilichonse.

Yankho: Chilipo chikusintha, kungoti simukuchiona. Kachilomboka kamatha maola pafupifupi 48 kuzungulira moyo wake m'selo, ndipo misinkhu yake simva mankhwala mofanana. Musanayambe, tsukani magazi a tizilombowo ndi sorbitol (mankhwala onga shuga) wa 5% kwa mphindi 10. Amapha tizilombo tokhwima n'kusiya tating'ono tooneka ngati mphete. Yambani nthawi zonse ndi chiwerengero chimodzi, mwachitsanzo maselo 0.5% okhala ndi tizilombo, magazi 2% a madzi onse, kwa maola 72 pa 37°C, mu mpweya wa 5% oxygen ndi 5% carbon dioxide. Mukayamba ndi tizilombo tochuluka, chakudya cha mu RPMI 1640, madzi okulitsiramo tizilombo, chimatha nthawi isanakwane ndipo nambala zimasokonekera.

Timaenje ta m'mphepete mwa mbale ya timaenje 96 timauma msanga, mankhwala n'kukhala amphamvu kuposa mmene munayezera. Thirani madzi okha m'menemo, mugwiritse ntchito 60 ta m'kati. Magazi okhalitsa m'firiji kupitirira milungu itatu kapena inayi tizilombo sitiwakonda. Mankhwala agaweni m'timachubu ting'onoting'ono kuti musamasungunule ndi kuumitsanso m'firiji chubu chimodzi. Zonsezi zikakhala bwino koma tizilombo tikukulabe monyinyirika, yezani ngati mulibe mabakiteriya a mycoplasma pogwiritsa ntchito PCR, njira yofufuza DNA, chifukwa saoneka ndi maso ndipo sadetsa madzi.

Funso: Ndikufuna kufufuza mankhwala a TB koma labotale yathu si ya BSL-3, yotetezedwa mokwanira kusungamo tizilombo toopsa ngati ta TB. Ndisinthe mutu?

Yankho: Ayi. Yambani ndi Mycobacterium smegmatis, wachibale wa kachilombo ka TB koma wosaopsa kwenikweni, amene amachulukana kawiri pa maola atatu kapena anayi, pomwe Mycobacterium tuberculosis, woyambitsa TB, amatenga maola 15 mpaka 20. Utoto wa resazurin umasintha kuchoka ku buluu kukhala pinki tizilombo tikakhala moyo, ndiye mulingo wotsikitsitsa umene wasiya kaenje kali kabuluu ndiwo MIC yanu, mulingo wochepetsetsa woletsa tizilombo kukula. Mankhwala a TB a bedaquiline, amene anavomerezedwa ku America mu 2012, anatulukira poyesa pa smegmatis yemweyu. Koma samalani: smegmatis ali ndi enzayimu imene imafooketsa mankhwala a TB a rifampicin, kotero zimene akuonetsani sizifanana nthawi zonse ndi za kachilombo keniweni. Zimene zachita bwino muziyesenso pa BCG, kachilombo kofooketsedwa ka katemera wa TB, kenaka mupangane ndi labotale yokhala ndi BSL-3 kuti akaziyese pa H37Rv, mtundu wa kachilombo keniweni ka TB. Mgwirizano umenewu ulembedwe m'pulani yanu ya kafukufuku kuyambira pachiyambi, chifukwa zilolezo zotumizira zinthu zimatenga miyezi.