ddclient ikukana kudzuka? Iyendetseni pamanja kaye

Achimwene, musathamangire kufufuta zonse. Mwati munatsitsa nokha ddclient (pulogalamu yomwe imauza kampani yosunga dzina lanu la pa intaneti kuti IP, adiresi yanu ya pa intaneti, yasintha) n'kuiika pa Debian, ikufa ndi uthenga woti "Can't locate Data/Validate/IP.pm", komanso dzina lanu likulozabe IP yakale. Awa ndi mavuto awiri osiyana.

Loyambalo ndi laling'ono. ddclient inalembedwa m'chiyankhulo cha kompyuta cha Perl, ndiye ikungodandaula kuti kachidutswa kena ka Perl kakusowa. Lembani sudo apt install libdata-validate-ip-perl libio-socket-ssl-perl. Pa ddclient yakale ngati yanuyi, yachiwiriyo imafunika mukaika ssl=yes mu ddclient.conf, fayilo ya zokonda zake. Ndikanakhala ine ndikanangoika ddclient ya mu apt, poti imabwera ndi zonse zomwe imafuna.

Pagona nkhani ndi pa lachiwirili. Imitsani service ya ddclient, kenako lembani sudo ddclient -daemon=0 -debug -verbose -noquiet. Ilavula mizere yambirimbiri, koma inu mufunefune yankho la seva ya kampani ija. Mukaona "badauth", vuto ndi login kapena password. Password ikakhala ndi # kapena mpata, muitsekere m'mitengero motere: password='xxxx'. Makampani ena safuna n'komwe password ya akaunti, amafuna token (kiyi yapadera) yomwe mumaitenga patsamba lawo. Ine zimenezi zinandidyera usiku wonse, ndikumangosintha password yomwe inali yolondola kale. "nohost" ndiye kuti dzina mwalilemba molakwika. "nochg" si vuto, IP sinasinthe basi, koma musamangobwereza -force chifukwa mungatsekeredwe ndi yankho la "abuse".

Muonenso IP yomwe ikutumizidwa. Ikayamba ndi 192.168, ndiye kuti use=if ikutenga adiresi ya m'kati mwa netiweki yanu, yomwe kunja sigwira ntchito. Sinthani muike use=web. Mukakonza ddclient.conf, fufutani /var/cache/ddclient/ddclient.cache, apo ayi izikumbukirabe zakale n'kumangokhala chete ngati zonse zili bwino. Fayilo ya conf ija muiikenso chmod 600 poti muli password.

Zonsezi zikatheka koma kunja simukulowabe, tsegulani rauta muone IP ya WAN, ya mbali yake ya kunja. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti mukugawana IP imodzi ndi makasitomala ena. Pamenepo ddclient ilibe mlandu, muyenera kupempha IP yanuyanu ku kampani yomwe imakupatsani intaneti.

Ikakanabe, tumizani zomwe debug yatulutsa tione limodzi, koma muyambe mwabisa password ndi token.